Kakombwe wa M'galafawu

Wakonzeka? Ayi, dzina langa usayambe nalo, olifuna akulidziwa kale. Yamba ndi galasi la amayi ako lili pabalazali, ili muli tinsomba ndi masamba oyandama pamwamba. Dzana unandifunsa kuti anganga, bwanji mukabwera kuno kutauni mumakhala molifulatira galasi limeneli? Ndinakuyankha kuti ndi msana, mpando uwu ndiye umandikomera. Msana ulipo ndithu, koma nkhani yake si ya msana. Lemba.

Nthawi imeneyo tinkakhala kutsidya kwa mlatho ukachoka pa boma pa Mangochi, pafupi ndi mtsinje moti mvuu zikamakangana tinkamva. Anganga ako aamuna anali asodzi, ankapita ku Malombe. Ine ndinkawamba nsomba ndi kulima kadimba. Amayi ako anali kamtsikana, mano akutsogolo atangomera kumene, aakuluakulu ngati a munthu wina. Ana ndinabala ambiri, koma amene anakhala moyo ndi atsibweni ako ndi iyeyo basi, mtsikana mmodzi yekhayo. Ndiye ukudziwa kwathu, mwana wamkazi ndiye mudzi. Amuna amapita kukamanga nyumba kwa eni ake. Wamkazi ndi amene amakhala pakhomo, ndi amene adzakusambitse ukadzafa. Ine mudzi wanga wonse unali kamtsikana kameneko.

Kenako kunayamba kufika anthu a ku Mozambiki, othawa nkhondo. Ankatsika kuchokera cha ku Katuli, mapazi atatupa, ena mwana kumsana wina paphewa. Ena ankapita kokhala othawa nkhondo, koma amene anali ndi abale kuno ankangolowa m'midzi. Tsiku lina achimwene anga, eni mbumba yathu, anafika pakhomo ndi mayi wina wamtali, wowonda, wopanda mwana kumsana ndiponso wopanda mwamuna kumbuyo.

"Chemwali, uyu ndi wathu," anatero achimwene. "Agogo ake ndi agogo athu anayamwa bere limodzi. Malire a azungu ndi amene anatidula pakati. Mupatseni pogona."

Mayiyo pamutu anasenza chibotolo chachikulu, chamimba ngati mtsuko, cholukidwa dengu kunja kwake. Ankachitcha galafawu. Ndinafunsa kuti chinali cha chiyani, anati Apwitikizi ankasungiramo vinyo.

Ndinati, "Aa, botolo la mowa pakhomo pa Asilamu?"

Iye anati, "Achemwali, chichokereni kwathu muli madzi okhaokha. Likanapanda limeneli sindikanafika."

Tinamupatsa kanyumba kakuseri komwe anganga ako ankasungamo maukonde. Kuyambira pamenepo ine mumtima ndinkamutcha mayi wa galafawu, ndipo iwenso ulembe choncho.

Tsono anthu amenewa ankalandira zinthu. Ufa, nandolo, mafuta ophikira, nthawi zina ndi shuga yemwe. Ife eni dziko tikudya ndiwo zowiritsa, wothawa nkhondo kuseri kwa nyumba yanga anyezi akulira m'mafuta, fungo kulowa mpaka m'chipinda. Ndipo choipa kwambiri, mayiyo sanali womana. Akanakhala womana bwenzi ndikumuda bwinobwino, mtima uli mbee. Koma akangolandira, uyo wafika ndi kambale ka mafuta, wagwada, "Achemwali, mudonthezeko." Munthu wotere umudandaule kwa ndani? Ndinkalandira. Tinkadya. Zinkakoma.

Za nsombazi zinayambira kumtsinje. Inu ana a pampopi simudziwa, koma ukatunga madzi m'ndowa umathyola masamba n'kuika pamwamba kuti poyenda asamakhavukire kumaso. Ife tinkangothyola tchire lililonse la m'mbali. Mayi wa galafawu ankatola kakombwe, uja amayandama m'mbali mwa mtsinje, wamasamba ngati kabichi wamng'ono, mizu ili lende m'madzi osagwira pansi. Namasupuni mukumudziwa inuyu nthawi imeneyo kwathu anali asanachuluke. Tsiku lina tafika kunyumba, watula ndowa, amayi ako akusuzumira, akuti, "Muli kansomba!" Kanabisala m'mizu ya kakombwe, kakang'ono ngati chala cha khanda.

Munthu wanzeru akanangokaponyera nkhuku. Koma mayiyo anakhala pansi n'kuyamba kumusimbira mwana wanga kuti kwawo ankagwira ntchito m'nyumba ya dona wina wa Chipwitikizi, amene ankasunga nsomba m'galasi.

Ndinati, "Zikakula ankadya?"

"Ayi, zongoyang'ana."

Ndinaseka mpaka kugwira nthiti. "Nsomba yoyang'ana? Ndiye mawa mudzaweta mbuzi yongomvera kulira kwake."

Iye anasekanso, koma amayi ako sanaseke. Maso anali pa ndowa.

Madzulo ake mayiyo anamasula dengu lija pa galafawu. Anatenga ulusi, anauviika m'palafini, anaukulunga paphewa pa botolo, anayatsa. Moto utazungulira n'kuzima, analiviika m'madzi ozizira. Thee! Khosi lonse linachoka bwinobwino ngati wadula ndi mpeni. M'mphepete anakhula ndi mwala wotsukira mapazi kuti musacheke mwana. Botolo limene linamutulutsa m'nkhondo, kulidula chifukwa cha kansomba ndi mwana wa mwini wake. Pamenepo ndinayenera kudziwa.

Anatsuka mchenga kambirimbiri mpaka madzi otsukira anayera, anauyala pansi pang'ono chabe. Anathira madzi a kumtsinje omwewo. Pamwamba anaikapo kakombwe ndi timasamba tina tating'onoting'ono ngati mapira, timene timaphimba zithaphwi. Basi. Chomera pansi ayi.

Ndinati, "Achemwali, mbewu yopanda dothi ndi mbewu imeneyo? Zimenezo ndi zinyalala za mtsinje."

Anati, "Galasi la dona uja linali ndi makina a magetsi opumira nsomba. Ife magetsi tilibe. Mizu iyi ndiye makina athu, imadya zonyansa za nsomba, masamba n'kupereka mthunzi. Mukaika dothi madzi achita matope, simuona kanthu."

Anaika galafawu pa kampando pakhonde pake, pomwe dzuwa la m'mawa limafika koma la masana ayi. Anapita ndi amayi ako kudambo n'kubwerako ndi timatemba tina, ndi kena kamapiko ofiira. Ndipo iwe, zinali zokongola. Mizu ili lende ngati ndevu za shehe, tinsomba tikulowa ndi kutuluka, kuwala kwa m'mawa kukudutsa m'madzi kobiriwira. Ife nsomba tinkaidziwa ili m'ukonde, ili pamoto, ili m'mbale. Kuiona chammbali ikuyenda zake, ikutsegula kukamwa, palibe pamudzi anali ataonapo. Anganga ako aamuna, munthu wakulira pamadzi, anakhala chonjuta pamenepo mpaka miyendo kuchita dzanzi. Usalembe kuti ndinati zinali zokongola. Kaya, lemba, zinapita kale.

Mwana wanga ndiye anasamukira komweko. Ndikamutuma nkhuni, miyendo ikupweteka. Mayi wa galafawu akangoti tinsomba tikufuna mphutsi za udzudzu, uyo wathamanga mudzi wonse kusuzumira m'mapale ndi m'zitini. Chiswe ankafukula yekha. Anaphunzira kuti gaga amaika kochepa, kongokwana pansonga ya udzu. Anaphunzira kuti kakombwe amaswana msanga, ndiye pakapita masiku umachotsako theka, ukapanda kutero atseka pamwamba ponse nsomba zisowa mpweya. Anaphunzira kuti madzi suchotsa onse, umangotapako pang'ono n'kuthira ena. Ankabwera kudzandiuza ine zimenezi ngati akundiphunzitsa swala, mapemphero athu. Chakudya ankadya komweko, chamafuta. Tsitsi ankamuluka komweko, malukidwe a kwawo. Mawu a Chipwitikizi anayamba kumutuluka m'kamwa.

Poyamba ankamuitana kuti amayi aang'ono, monga mwa ubale wake. Palibe cholakwika. Koma aang'ono aja anadzagwera m'njira. Tsiku lina ndili pa uvuni ndikuwamba nsomba, utsi uli m'maso, ndinamva mwana akuthamanga kuchokera kudambo, akukuwa, "Amayi! Amayi!" Ndinayankha ndi mtima wonse, ndinatembenuka, manja ndatambasula. Anandidutsa ngati ndine mtengo. Anali ndi kachitini ka mphutsi, akupita kuseri. Nsomba za tsiku limenelo zinapserera, ndipo sindinawauze anganga ako chifukwa chake.

Ndinati chabwino. Ngati mwana wanga akugulidwa ndi nsomba za m'botolo, mkazi wa msodzi ndine. Nyanja ndi yathu. Wobwera angandipose pa nsomba?

Ndinasenza dengu la nsomba zowamba kupita pa boma, kwa bambo wina wa golosale amene ankazikonda. Ndinabwerako ndi chibotolo cha masiwiti, chakukamwa kwakukulu, choyera kuposa galafawu. Ndinati changa chikhala cha munthu wolima, osati cha munthu wotola. Pansi ndinaika dothi lakuda la kudimba, lachonde. Ndinaokamo mbande za mpunga ndi kamphukira ka bango, zomera zenizeni zokhala ndi kwawo. Pamwamba ndinasiya poyera, chifukwa madzi a mkazi waukhondo sakhala ndi zinyalala. Anganga ako ndinawauza kuti andibweretsere tiana ta chambo, nsomba ya dzina, osati matemba a m'matope. Anabweretsa m'ndowa, akumwetulira chamumtima. Ndinaika botolo langa kutsogolo kwa nyumba, padzuwa, kuti aliyense wodutsa aone. Gaga ndinkathira dzanja lodzaza, m'mawa, masana, madzulo. Kwanga mlendo sagona ndi njala. Ndipo madzi akada ndinkakhuthula onse, kutsuka botolo ndi phulusa, kuthira atsopano a pamjigo.

Iwe ukuseka chiyani? Lemba. Chilichonse chimene ndinachita ndi chimene mkazi wabwino amachita pakhomo pake.

Madzi anasanduka ngati thobwa. Mpunga unagwa. Nsomba zonse zinakwera pamwamba, kukamwa kuli pululu ngati ana a madarasa akuloweza Kurani. Masana ukaviikamo chala, madzi ofunda ngati osambitsira khanda.

Anganga ako anaima, manja kumbuyo, akuti, "Amake mwana, izi mukuweta kapena mwayamba kale kuphika? Ndikatenge mchere?"

"Inu pitani ku maukonde anu."

"Ayi, ndimangofunsa. Chifukwa ngati n'kuphika, tomato mwachedwa naye."

Amayi a nyumba yoyandikana nafe, aja ankagulitsa zitumbuwa, anafika n'kugwira mphuno. "Anzathu, mwayamba kufulula? Mwezi wa Ramadani uli pafupitu."

M'mawa uliwonse ndinkapeza ina yagona chagada. Ine maso anali pa mwana, kudikira kuti abwere adzakhale pa botolo la mayi ake. Anabwera ndithu. Anagwada mwaulemu, anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mwachulutsa chakudya. Amayi amati..."

Ndinati, "Amayi ati?"

Anazolika. Munali mutatsala kansomba kamodzi kokha, kakupuma movutika. Anapita kukatenga kapu, anakatapa, anagwira ndi manja awiri, n'kuyenda pang'onopang'ono kupita nako kuseri. Ndipo kanachira, iwe. Kanachira, kananenepa, mpaka kanakula moti anakakabweza kumtsinje chifukwa kankavutitsa tinzake. Nsomba yanga, yogwira mwamuna wanga, kukanenepera kwa mkazi wina.

Tsiku lotsatira mayi wa galafawu anabwera ndi mbale yodzaza kakombwe amene anachotsa mwake. Anagwada ngati masiku onse. "Achemwali, tayani dothilo, muikemo uyu. Muyambenso, ndikuthandizani."

Ndinati zikomo. Ndinalandira ndi manja awiri. Atapita ndinamuyanika padenga. Atauma ndinamuotcha, phulusa lake ndinacheza chidulo, ndinaphika therere. Kakombwe ntchito yake ndi imeneyo kuyambira makolo athu, sindinayambe ndine. Ndinapakula mbale yabwino n'kumutuma mwana yemweyo kuti akapereke kuseri. Mayiyo anadya, anabweza mbale yotsuka, akuti therere lakoma, chidulo chake n'cha chiyani? Ndinati n'cha mphatso yanu ija. Anangoti, "Ooh." Koma amayi ako analira tsiku lonse ngati ndaotcha munthu. Sunga pamenepo, tidzapafunanso.

Tinakhala choncho zaka. Botolo langa la masiwiti ndinasungiramo mchere. Galafawu anakhalabe pakhonde paja, masamba akuswana, akuchotsedwa, akuswananso. Ana a sukulu ankapatuka kudzaona. Mwana wanga ndiye anali mwini wake wofotokoza.

Kenako kunamveka kuti kwawo nkhondo yatha. Anthu anayamba kumanga katundu, malole akubwera kudzawatenga. Ine mumtima ndinati alihamdulilahi, apite bwino, Mulungu awatsogolere, ndipo asaiwale njira yopitira. Ndinayamba ngakhale kumukonda pang'ono.

Ndiye tsiku lina ndikuona achimwene akubwera, mayi wa galafawu ali pambuyo, wavala chitenje chake chabwino. Anapempha mphasa. Anaitanitsa anganga ako. Ndinadziwa kuti pali nkhani, chifukwa wokhala naye bwalo limodzi sakupempha mphasa.

Mayiyo anayankhula maso ali pansi. Anati pothawa anali ndi mwana wamkazi, msinkhu womwewo wa wanga, ndipo anamuika m'manda m'njira, pansi pa mtengo umene sangaudziwenso. Zaka zonsezo anali asanatiuzepo. Anati akubwerera kumudzi kopanda munthu womuyankha akaitana. Anapempha kuti timubwereke mwana.

Inu a masiku ano mudabwa, koma unali mwambo. Mbale wako akakhala wopanda mwana, umamupatsa wako kuti amulere, amutume madzi, nyumba imveke mawu. Achimwene anati, "Chemwali, inu nomwe munakulira kwa amayi aakulu, mwaiwala? Ndi dzinja limodzi lokha. Akakolola abwera naye."

Ndinayang'ana anganga ako kuti anenepo kanthu. Anakanda m'mutu, akuti, "Ine ndine mkamwini. Za ana eni ake ndi atsibweni awo." Pa nthabwala pakamwa pawo sipankatsekeka, koma tsiku limenelo anakumbuka kuti ndi mkamwini.

Dzinja limodzi! Ine ndinkawadziwa ana amene anapita dzinja limodzi n'kudzabwera ali ndi ana awo kumsana, akupatsa moni mayi wowabala ngati mlendo. Ena osabwera n'komwe. Koma ndikane bwanji? Munthu wataya mwana, wandigwadira pa mphasa, mafuta ake ndadya zaka zonsezi, eni mbumba avomera. Mudzi wonse ukanati mayi uyu mtima wake ndi mwala. Chiyembekezo changa chinali pa mwana, kuti alira, agwira chitenje changa, akana. Ndinatembenuka kumuyang'ana pamene anaima pa chitseko. Mano aja onse anali panja. Kampukutu ka zovala anali atamanga kale.

Ndinati, "Ndamva."

Tsiku la ulendo tinaperekeza kubwalo la sukulu komwe kunaima lole. Kunali anthu, mitolo, mbuzi, mipando, makasu, wina mpaka chitseko cha nyumba. Mayiyo anasenza galafawu ndi madzi ake omwe, nsomba zili momwemo. Amayi ako anakwera msanga, anakhala pa thumba la ufa, akugwedeza miyendo, osayang'ana n'komwe kumene ndinaima.

Mayiyo atati akweze galafawu, bambo woyang'anira katundu anakana. "Mayi, msewu wa kumalire mukuudziwa. Chigalasi chopanda chotsekera, chodzaza madzi, pakati pa ana? Chikasweka chicheka anthu. Tayani madziwo kapena chisiyeni."

Anachonderera, bamboyo anakanitsitsa. Kutaya madzi ndiye kupha nsomba. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anabwera kwa ine, anatula galafawu pamapazi panga. "Achemwali, musunge."

Iwe, taganiza. Wanditengera mwana, n'kundisiyira zinyalala za mtsinje kuti ndizimulerera. Sindinakonze mawu, anangotuluka okha, ndipo anatuluka mokweza moti a pa lole onse anamva.

"Zikomo kwambiri. Chidulo cha therere la mawa chapezeka. Tinsombati nkhuku zanga zikuthokozani."

Miyendo ija inasiya kugwedezeka. Mwana anaimirira pa thumba. "Amayi, musatero!"

Tsiku limenelo amayi ndinali ine.

Ndinati, "Ukakhala kwa Apwitikizi uko udzaona bwanji? Ndikangofika ndiyanika padenga."

"Amayi aang'ono, auzeni!"

Mayi wa galafawu anandiyang'ana. Nanenso ndinamuyang'ana, osaphethira. Lole inali ikulira, anthu akukuwa kuti mayi kwerani tizipita. Sindikudziwa chimene anaona pankhope panga. Ine pake ndinaona munthu amene akuwerenga za mumtima mwanga ngati mmene ankaonera nsomba zake chammbali, ndipo sindinakondwe nazo.

Anatembenukira kwa mwana, anati, "Aotchadi amenewa. Ndimawadziwa, therere lija ndinadya ndine. Tsika ukalondere."

"Koma ndikufuna kupita nanu!"

"Ukapita nane, madzulo ano nkhuku zikhuta. Tsika. Msewu akadzakonza ndidzabwera kudzatenga iwe ndi galafawu yemwe."

Mwana analira, anayang'ana lole, anayang'ana botolo, anayang'ana ine ngati akuona fisi. Kenako anatsika. Kampukutu kake anatsitsa ndi mayiyo, ndi manja ake, n'kundipatsa ine. Mayiyo anakwera, anakhala pa thumba lomwe lija, anafunda chitenje kumutu ngakhale kunali kotentha. Lole inapita.

Galafawu anali wolemera, mwana sakanatha. Ndinasenza ndine. Ine amene, pamutu panga, kudutsa mudzi wonse, anthu akuona. Ndipo madzi sanakhavuke ngakhale dontho, kakombwe uja anagwira ntchito yake ya m'ndowa. Amayi ako ankayenda pambuyo panga, akusisima, maso ali pa manja anga ngati wapolisi woperekeza wakuba.

Anganga ako atationa tikulowa anati, "Aa, mwabwerako atatu? Ndimayesa mubwera nokha."

Ndinati, "Mkamwini sayankhula za ana."

Mwanayo anaika galafawu pafupi ndi mphasa yake. Kwa nthawi yaitali sankalola kuti ndiyandikire. Akamapita kusukulu ankawerenga masamba, pobwera n'kuwerenganso. Akaona ndikuphika therere ankathamangira kukasuzumira. Dzinja linadutsa, lina linadutsa, ankapita kumsewu kukafunsa ochokera ku Katuli ngati msewu wa kutsidya unakonzedwa. Kenako anasiya kufunsa. Anakula pakhomo panga, anavinidwa pakhomo panga, ndikadwala phala ankaphika ndi iyeyo.

Atasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko, panalibe wina womusiyira. Anandikhazika pansi ine mayi wake, akundilangiza ngati namwali. Gaga pansonga ya udzu. Dzuwa la masana ayi. Madzi osachotsa onse. Masamba akachuluka, theka. Ndinati ndamva, aphunzitsi. Ndipo ulembe bwino apa, zaka zonse anali kusukulu sinafe nsomba ngakhale imodzi. Theka lochotsalo ndinkachezera chidulo, nanga nditaye?

Mayi uja sanabwerenso. Koma amayi ako atatsala pang'ono kukwatiwa, kaya anamva bwanji, wamalonda wina wodutsa malire anafika ndi chitenje, akuti ndatumidwa ndi mayi wa kutsidya. Ine ndinali nditagula kale changa, chokongola, cha maluwa. Tangoganiza chimene mkwatibwi anavala. Funsa chithunzi chili m'chipinda mwawomo.

Galafawu anadzasweka, mbuzi inamugunda. Koma kakombwe amayi ako anamusamutsira m'beseni, kuchoka m'beseni kupita m'galasi lina, mpaka ili la kusitolo lili apali. Amayi ako amati ameneyu ndi mdzukulu wa yemwe uja, akafa amakatenga wina kumudzi komwe anasiya mbewu m'chithaphwi. Magetsi ali nawo, makina opumira akhoza kugula, koma safuna. Pansi mchenga wokha, chomera ayi. Alendo akafunsa amati, anandiphunzitsa ndi amayi anga ena. Ine ndili pompano, pa mpando uno, ndikumva.

Anthu amati mayi uja anali munthu wabwino. Sindikukana. Achimwene mpaka kumwalira kwawo ankati, chemwali, munthu uja anakuchitirani chifundo, mwana anali atakwera kale. Ndiye chimene chimandiwawa n'chimenecho. Mwana ndinabala ndekha, ndinamva ululu ndekha, koma ndinachita kupatsidwa ndi mkazi wina kuchokera pa lole, ngati kambale kaja ka mafuta. Ndipo sanatsikire ine. Anatsikira masamba, kuti awalondere kwa ine.

Amayi ako sindinawafunsepo kuti pakanapanda botolo lija akanatsika kapena ayi. Iwenso usakawafunse. Ukawawerengera zimenezi, pamenepa udumphe.

Basi, dzanja lapweteka, ndakuona ukulitambasula. Koma akabwera kuntchito uwauze kuti kakombwe wachuluka, watseka pamwamba ponse, kansomba kofiira kaja kakhala kakupumira m'mwamba chiyambire m'mawa. Achotseko theka. Ndaona bwanji ndili chofulatira? Nanga galasi la kabati ili kutsogolo kwangali ntchito yake n'chiyani? Ndipo ochotsawo asataye, andiyanikire. Therere la kuno kutauni mumaphikira soda, silikoma.